Unyolo sudaduke koma $1.5 biliyoni idabedwa: Zomwe umbava wa ku Bybit udaulula

Lachisanu pa 21 Febuluwale 2025, akuluakulu a kampani ya Bybit, yomwe likulu lake lili ku Dubai, adakhala pa makompyuta awo kuti agwire ntchito imene adaizolowera: kusamutsa ndalama kuchoka m'nkhokwe yaikulu ya kampaniyo kupita m'thumba lomwe amalipirira makasitomala tsiku ndi tsiku. Aliyense adayang'ana zomwe zidalembedwa pa sikirini, adaona kuti zili bwino, n'kuvomereza. Womaliza kuvomereza adali mkulu wa kampaniyo, Ben Zhou. Pasadathe mphindi zambiri, nkhokweyo idatsala yopanda kanthu.

Zomwe zidapita ndi ndalama za mtundu wa ether zoposa 400 000 pamodzi ndi ndalama zina zochokera ku ether, ndipo zonse pamodzi patsikulo zidali zokwana pafupifupi $1.5 biliyoni. Poyerekeza, fodya yense amene alimi a m'dziko muno adagulitsa mu 2024 adabweretsa pafupifupi $400 miliyoni. Akubawo adakolola m'kanthawi kochepa ndalama zoposa katatu zimene alimiwo adapeza atakhetsa thukuta chaka chathunthu. M'mbiri yonse ya ndalama za crypto mudali musadachitike umbava waukulu chotere.

Komatu palibe loko amene adathyoledwa. Luso la blockchain, lomwe ndalamazi zimayendapo, lidagwira ntchito yake mosalakwitsa: lidalandira lamulo lokhala ndi masiginecha oyenera, lidalitsimikiza, kenako n'kulilemba m'kaundula momwe silingafufutidwenso. Apa mpamene pagona nkhani. Kwa zaka zambiri, otsatsa lusoli akhala akunena kuti blockchain njosatheka kuithyola. Mawuwa ali ndi choonadi ndithu, koma sayankha funso lomwe munthu woika ndalama zake kumeneko amafunsa, loti kodi chuma chake chili pabwino. Yankho la funso limeneli lili m'manja mwa anthu, makompyuta ndi makampani amene azungulira unyolowo, ndipo kumeneko n'komwe mbava zikulowera.

Kaundula wosungidwa ndi anthu ambiri

Blockchain ndi kaundula wa malonda. Buku la banki limasungidwa ndi banki yokha, ndipo kasitomala amangokhulupirira kuti zolembedwamo n'zoona. Kaundula wa blockchain amasungidwa ndi makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana, iliyonse ndi kope lake lathunthu. Malonda amalembedwa m'masamba otchedwa mabuloko, ndipo tsamba lililonse limanyamula chidindo cha masamu chochokera ku tsamba lam'mbuyo. Wina akasintha ngakhale nambala imodzi pa tsamba lakale, chidindo chake chimasintha, masamba onse otsatira amaleka kugwirizana, ndipo makompyuta enawo amakana kope lakelo. Kulumikizana kumeneku n'komwe kumachititsa kuti kaundulayu azifanizidwa ndi unyolo.

Ganizoli lidatchuka pa 31 Okutobala 2008 pomwe munthu, kapena gulu, lodzitcha Satoshi Nakamoto lidafalitsa chikalata chofotokoza za bitcoin. Tsamba loyamba la kaundula wa bitcoin lidalembedwa pa 3 Januwale 2009. Kuyambira pamenepo, makompyuta amapikisana pa masamu odya magetsi ambiri kuti apeze mwayi wolemba tsamba lotsatira, ndipo tsamba latsopano limatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse. Ethereum, yomwe idayamba mu 2015, idasiya njira imeneyi mu Seputembala 2022. Tsopano wofuna kutsimikiza malonda amapereka chikole cha ma ether 32, ndipo akapezeka akuchita chinyengo amalandidwa gawo la chikolecho.

Njira zonse ziwiri zatsamira pa mfundo imodzi: kunama kukhale kodula kuposa phindu lake. Wofuna kulembanso kaundula ayenera kukhala ndi mphamvu zoposa theka la mphamvu za onse otsimikiza malonda. Pa maunyolo aang'ono izi zidachitikapo. Ethereum Classic idachitidwa chipongwe chotere mu Januwale 2019 komanso katatu mu Ogasiti 2020, pomwe achiwembu adagwiritsa ntchito ndalama imodzimodzi kawiri. Pa bitcoin ndi Ethereum mtengo wake ngwaukulu kwambiri moti palibe amene adakwanitsapo.

Chitetezo chimenechi chili ndi malire ake. Kaundula sadziwa nkhope ya munthu, dzina lake kapena chiphaso chake. Amadziwa siginecha yochokera ku kiyi wachinsinsi, yemwe ndi nambala yaitali kwambiri imene mwini ndalama amasunga. Aliyense amene wasaina ndi kiyiyo, kaya ndi mwini wake, kaya wakuba, kaya mwini wake yemwe wapusitsidwa, kwa kaundula ndi munthu mmodzimodzi.

Maloko atatu, pepala limodzi labodza

Bybit idadziwa kuopsa kosunga chuma chonse ndi kiyi mmodzi. Makiyi a nkhokwe yake sadali pa intaneti, ndipo kuti ndalama zituluke pankafunika masiginecha a anthu angapo. Ndondomekoyi ikufanana ndi bokosi la banki m'khonde lokhala ndi maloko atatu, lomwe makiyi ake amasungidwa ndi mamembala atatu osiyana kuti wina asalitsekule payekha. Akubawo sadalimbane ndi malokowo. Adafunafuna njira yoti osunga makiyiwo atsekule bokosilo ndi manja awo, akuganiza kuti akuchita zoyenera.

Posaina, akuluakulu a Bybit ankagwiritsa ntchito tsamba la pa intaneti la kampani ina yotchedwa Safe, yomwe imadaliridwa ndi makampani ambiri a crypto. Kafukufuku yemwe adachitika pambuyo pake adaonetsa kuti kumayambiriro kwa Febuluwale achiwembuwo adalowa m'kompyuta ya mmodzi mwa akatswiri olemba mapulogalamu ku Safe. Kuchokera m'menemo adatenga zilolezo zolowera komwe kampaniyo imasunga mapulogalamu ake pa makina a Amazon Web Services. Pa 19 Febuluwale adasintha kachigawo ka pulogalamu yoyendetsa tsambalo.

Kusinthako kudachitika mwaluso. Kasitomala wina aliyense wa Safe akatsekula tsambalo, zonse zinkayenda monga mwa masiku onse. Msamphawo udatcheredwa nkhokwe ya Bybit yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: achiwembuwo adadikira masiku awiri kufikira pomwe Bybit idafuna kusamutsa ndalama. Pa sikirini padaoneka adiresi yolondola komanso kuchuluka kolondola kwa ndalama, koma lamulo lenileni lomwe lidatumizidwa kuti lisainidwe lidali losintha pulogalamu yoyendetsa nkhokweyo ndi kupereka ulamuliro wake kwa akubawo. Masiginecha atakwana, nkhokwe idakhala yawo. Makampani a Sygnia ndi Verichains, amene Bybit idawalemba ntchito yofufuza, adapeza kuti patangodutsa mphindi ziwiri achiwembuwo adabwezeretsa pulogalamu yoyambayo pofuna kufufuta mapazi awo.

Padali mpata umodzi womaliza wozindikira chinyengocho. Osainawo ankagwiritsa ntchito tizipangizo ting'onoting'ono tosungira makiyi, tomwe timaonetsa pa kasikirini kake zomwe munthu akusaina. Koma pa malonda ovuta ngati amenewa, kachipangizoka kamaonetsa mndandanda wa manambala ndi zilembo zimene munthu sangazimvetse pongoziyang'ana. Choncho wosaina amadalira zomwe waona pa kompyuta. Zili ngati kudinda chala pa chikalata cholembedwa m'chilankhulo chachilendo pokhulupirira womasulira, pomwe womasulirayo adagulidwa kale. Anthu angapo akamawerenga pepala limodzi labodza, kuchuluka kwawo sikuwonjezera chitetezo chilichonse.

Njira yakale, malo atsopano

Umbava wa ku Bybit udadzidzimutsa anthu chifukwa cha kukula kwake, koma njira yake idali yodziwika kale.

Mu Malichi 2022, ndalama zoposa $600 miliyoni zidabedwa pa Ronin, mlatho wosamutsira ndalama wa masewero a pa intaneti a Axie Infinity, omwe eni ake ndi kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam. Kuti ndalama zituluke pankafunika makiyi asanu mwa asanu ndi anayi, ndipo akubawo adapeza asanu ndendende. Anayi mwa makiyiwo adali m'manja mwa kampani imodzi, kutanthauza kuti ulamuliro womwe unkaoneka ngati wogawidwa udali utaunjikana malo amodzi. Padapita masiku asanu ndi limodzi eni ake asadazindikire kuti aberedwa.

Mu Meyi 2024, kampani ya DMM Bitcoin ya ku Japan idataya ma bitcoin oposa 4 500, okwana pafupifupi $300 miliyoni. Bungwe la FBI la ku America pamodzi ndi apolisi a ku Japan adati nkhaniyi idayamba pomwe munthu wodzitcha wolemba anthu ntchito adalankhula kudzera pa LinkedIn ndi wogwira ntchito ku Ginco, kampani yomwe inkathandiza DMM kusunga ndalama. Adamutumizira pulogalamu ngati mayeso a ntchito yatsopano, ndipo pulogalamuyo ndiyo idatsekula khomo. Patatha miyezi iwiri, kampani ya WazirX ya ku India idaberedwa pafupifupi $230 miliyoni kuchokera m'nkhokwe yofunanso masiginecha angapo, ndipo idati zomwe osaina adaona zidasiyana ndi zomwe adasaina.

Mu Meyi 2025 kampani ya Coinbase ya ku America idaulula kuti zigawenga zidapereka ziphuphu kwa ena mwa othandiza makasitomala kuti ziwapatse maina, manambala ndi ma adiresi a makasitomalawo. Zigawengazo zidafuna dipo la $20 miliyoni, lomwe kampaniyo idakana kupereka. Apa makiyi sadakhudzidwe. Chomwe mbavazo zidafuna ndi mbiri yokwanira ya munthu kuti zikamuimbira foni, iye akhulupirire kuti akulankhula ndi kampani yake.

Pa nkhani zonsezi palibe pomwe masamu a blockchain adagonja. Chidagonja ndi kompyuta ya wogwira ntchito, chiyembekezo cha ntchito yabwino, umbombo wa wolandira chiphuphu, kapena chizolowezi cha wosaina yemwe wachita ntchito imodzimodzi kambirimbiri. Zofooka zoterezi zimapezekanso m'mabanki. Mu Febuluwale 2016 banki yaikulu ya dziko la Bangladesh idaberedwa $81 miliyoni kudzera m'mauthenga abodza otumizidwa pa makina a SWIFT. Kusiyana kwake kumaonekera umbava ukachitika kale.

Madzi akatayika saoleka

Pa umbava wa ku Bangladesh, akubawo adafuna kutulutsa pafupifupi $1 biliyoni, koma malamulo ambiri osamutsa ndalama adaimitsidwa chifukwa pakati padali mabanki ndi anthu amene adakayikira. M'kayendetsedwe ka mabanki muli malo ambiri oimikira ndalama: ofesi yofufuza, banki yolandira, khothi. Blockchain idapangidwa dala kuti malo oterewa asakhalepo. Malonda akalembedwa, alembedwa. Mphamvu yomwe imaletsa boma kapena kampani kulanda ndalama za munthu ndi yomweyo imene imaletsa woberedwa kulanda ndalama zake kwa wakuba.

Padali nthawi imodzi pomwe lamuloli lidapindidwa. Mu Juni 2016 munthu wina adapeza mpata m'pulogalamu ya thumba la ndalama lotchedwa The DAO n'kutulutsamo ma ether 3.6 miliyoni. Mwamwayi, malamulo a pulogalamuyo adatsekera ndalamazo malo amodzi kwa pafupifupi mwezi. Izi zidapatsa oyendetsa Ethereum nthawi yokambirana, ndipo pa 20 Julayi 2016 ambiri adagwirizana zosintha kaundula kuti ndalamazo zibwerere kwa eni ake. Ena adakana ponena kuti kaundula wosinthika alibe phindu, ndipo adapitiriza ndi unyolo wakale womwe lero umatchedwa Ethereum Classic.

Bybit itaberedwa, ena adadzutsanso ganizo lobweza kaundula m'mbuyo. Akatswiri a Ethereum adati n'zosatheka. Ndalamazo zidali zitamwazidwa kale m'zikwama zambirimbiri, ndipo kubweza kaundula kukadafufuta malonda a anthu osalakwa padziko lonse. Komanso, kwa unyolowo padalibe cholakwika chilichonse chofunika kukonza, poti masiginecha adali enieni.

Chomwe blockchain imapereka kwa woberedwa ndi maso. Popeza kaundula ngwapoyera, aliyense akhoza kuona komwe ndalama zikupita. Tsiku lomwelo, wofufuza wina wodziwika ndi dzina loti ZachXBT adalumikiza zikwama za akubawo ndi maumbava ena am'mbuyo. Makampani a Elliptic ndi Chainalysis adatsatira ndalamazo phazi ndi phazi. Bybit idalonjeza mphotho ya 10 pa 100 iliyonse ya ndalama zomwe zingabwezedwe.

Koma kuona wakuba akuthawa n'kosiyana ndi kumugwira. M'masiku pafupifupi 10, akubawo adasintha gawo lalikulu la ma ether aja kukhala ma bitcoin, makamaka kudzera pa THORChain, msika wosinthira ndalama womwe ulibe mwini mmodzi woti angalamulidwe kuutseka. Kumayambiriro kwa Malichi, Zhou adalengeza kuti pafupifupi 20 pa 100 iliyonse ya ndalamazo idali itasowa kale m'maso mwa ofufuza, pomwe zomwe zidaimitsidwa zidali 3 pa 100 iliyonse basi. Kumapeto kwa Epulo apolisi a ku Germany adalanda makompyuta a eXch, msika wina wosafunsa maina womwe umaganiziridwa kuti udathandiza kubisa ndalamazo, n'kupezamo ndalama za crypto zokwana mayuro 34 miliyoni. Poyerekeza ndi zomwe zidabedwa, limeneli lidali dontho m'nyanja.

Mbava yokhala ndi boma kumbuyo

Pa 26 Febuluwale 2025, FBI idalengeza kuti umbavawu udachitidwa ndi dziko la North Korea kudzera m'gulu lomwe bungwelo limalitcha TraderTraitor, limene ambiri amalidziwa ngati mbali ya gulu la Lazarus. Gulu lomweli ndi limene dziko la America lidaliloza chala pa umbava wa Ronin, wa DMM Bitcoin ndi wa WazirX, komanso pa wa banki ya Bangladesh. Boma la North Korea lakhala likukana milandu yotere.

Chiwerengero cha Chainalysis chikuonetsa kuti mu 2024 ndalama za crypto zokwana $2.2 biliyoni zidabedwa padziko lonse, ndipo $1.34 biliyoni mwa izo zidatengedwa ndi magulu a North Korea pa ziwembu 47. Mu Malichi 2024, gulu la akatswiri a United Nations loyang'anira zilango za dzikolo lidati likufufuza ziwembu 58 zapakati pa 2017 ndi 2023, zokwana pafupifupi $3 biliyoni, zomwe zikuganiziridwa kuti zimathandiza ntchito yopanga zida zoopsa za nkhondo. Mwezi womwewo dziko la Russia lidatsekereza kuwonjezera nthawi ya gululo, ndipo ntchito yake idathera pomwepo.

Izi zikusintha kamvedwe ka nkhani yonse. Mdani wa kampani ya crypto lero ndi gulu la akatswiri olipidwa, okhala ndi nthawi yotchera msampha kwa milungu ingapo, osaopa kumangidwa chifukwa ali m'dziko lomwe silipereka nzika zake kuti zikazengedwe kwina. Kampani yosunga mabiliyoni ikulimbana ndi boma, pomwe chitetezo chake chingathe kugwa chifukwa cha laputopu imodzi ya wogwira ntchito ku kampani ina.

Amalipira ndani?

Kwa kasitomala, funso lalikulu ndi la amene amasenza chipsinjo ndalama zikabedwa. Pamenepa Bybit idachita zomwe makampani ambiri adalephera. Zhou adaonekera poyera patangopita maola ochepa n'kufotokoza zomwe zidachitika. Kampaniyo sidatseke khomo, ngakhale makasitomala adatumiza mapempho oposa 350 000 ofuna kutulutsa ndalama zawo. M'maola 72 idatseka dzenjelo pogula ma ether ena komanso pobwereka kwa makampani anzake, kuphatikizapo Bitget yomwe idabwereketsa ma ether 40 000. Makasitomala sadataye ndalama.

Komabe izi zidatheka chifukwa kampaniyo idali yolemera komanso eni ake adasankha kulipira. Ena sadachite mwayi wotere. Makasitomala a WazirX adadikira nthawi yoposa chaka nkhani yawo ili m'khothi ku Singapore. DMM Bitcoin idatseka n'kusamutsa makasitomala ake ku kampani ina. Amene adaika ndalama ku Mt. Gox ya ku Tokyo, yomwe idagwa mu Febuluwale 2014 italengeza kuti ma bitcoin 850 000 asowa, adayamba kulandira gawo la ndalama zawo mu Julayi 2024, patatha zaka 10.

Nthawi zina wakuba amakhala mwini kampani. FTX idagwa mu Novembala 2022 zitadziwika kuti ndalama za makasitomala zinkagwiritsidwa ntchito zina, ndipo mwini wake, Sam Bankman-Fried, adalamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Ku South Africa, Mirror Trading International idasonkhanitsa ma bitcoin kwa anthu a m'maiko ambiri powalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi, mpaka idagwa kumapeto kwa 2020. Pa milandu iwiriyi kaundula adalemba molondola ndalama iliyonse ya crypto imene anthu adapereka kwa owapusitsa.

Poona zonsezi, okonda crypto amalangiza kuti munthu azisunga yekha makiyi ake, potengera nzeru yakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malangizowa amachotsa chiopsezo china n'kubweretsa china. Wotaya kiyi wataya ndalama, ndipo palibe ofesi yokadandaulako. Ku Newport m'dziko la Wales, bambo wina adatha zaka zoposa 10 akupempha chilolezo chofukula kudzala komwe kudatayidwa chipangizo chosunga makiyi a ma bitcoin pafupifupi 8 000, ndipo mu Januwale 2025 khothi lidakana dandaulo lake. Mwezi womwewo ku France, mmodzi mwa amene adayambitsa Ledger, kampani yopanga tizipangizo tosungira makiyi, adabedwa ndi zigawenga zofuna dipo ndipo adavulazidwa apolisi asadamupulumutse. Munthu akakhala banki payekha, amakhalanso mlonda wa bankiyo.

Zomwe zikuyenera kusintha

Phunziro loyamba lomwe makampani atengapo likukhudza kasainidwe. Wosaina ayenera kuona m'mawu omveka, pa kachipangizo komwe kali ndi kiyi, chimene akuvomereza, ndipo lamulo lililonse lalikulu liyenera kutsimikizidwa kudzera m'njira yachiwiri yosadalira tsamba lomwe lalipanga. Osaina asamadalire gwero limodzi. Lachiwiri likukhudza kuchuluka kwa chuma m'nkhokwe imodzi: palibe chifukwa choti siginecha za tsiku limodzi zikhale ndi mphamvu pa $1.5 biliyoni. Nkhokwe zikhoza kugawidwa, malire a ndalama zotuluka akhoza kuikidwa, ndipo kusintha kulikonse kwa pulogalamu yoyendetsa nkhokwe kukhoza kuchedwetsedwa kwa maola angapo kuti anthu aone ngati pali chachilendo. Lachitatu n'loti chitetezo cha kampani chimathera pomwe pathera chitetezo cha makampani amene imawadalira. Bybit idalimbitsa nyumba yake, koma wakuba adadzera kwa mmisiri wa zitseko.

Njira zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana: zikubwezeretsa kuchedwa, kukayikira ndi kuyang'anirana, zomwe oyambitsa crypto ankaziona ngati zolemetsa za mabanki akale. Maboma nawo akulowera komweko. Malamulo a MiCA a maiko a European Union adayamba kugwira ntchito mokwanira pa 30 Disembala 2024, ndipo amafuna kuti kampani yosunga ndalama za crypto ikhale ndi chiphaso, isiyanitse chuma cha makasitomala ndi chake, komanso iyankhepo ngati chumacho chatayika chifukwa cha kulephera kwake. Ku South Africa, bungwe la FSCA lidaika ndalama za crypto m'gulu la malonda a zachuma mu Okutobala 2022, ndipo makampani ochita malondawa amayenera kutenga chiphaso. Malamulo saletsa umbava, koma amanena amene ayenera kulipira ukachitika, ndipo kampani yodziwa kuti idzalipira imasamala kwambiri.

Kuno kumudzi, banki yaikulu ya Reserve idachenjeza mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino, ndipo ochita nawo malondawa akuchita mwa kufuna kwawo. Chenjezoli likutanthauza kuti Mmalawi amene watsekula akaunti ku msika wa crypto wa kunja kudzera pa foni yake waika ndalama zake pansi pa malamulo a dziko lina. Msikawo ukaberedwa kapena kugwa, dandaulo lake likamveka ku Singapore, Dubai kapena Tokyo, ngati lingamveke n'komwe. Pomwe ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, komanso kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, chikoka chosunga chuma m'ndalama za pa intaneti n'chomveka. Koma wokopekayo ayenera kudziwa chomwe akusinthanitsa.

Ndipo njira imene idagwetsa Bybit si yachilendo kwa aliyense wosunga ndalama pa foni m'dziko muno. Akathyali oimba foni modzitcha ogwira ntchito ku kampani ya mafoni, kapena otumiza uthenga wabodza woti ndalama zalowa molakwika, sathyola makina a kampaniyo. Amapusitsa mwini ndalama kuti alembe yekha nambala yake yachinsinsi. Lazarus idachita chimodzimodzi, kungoti idapusitsa akuluakulu a imodzi mwa misika ikuluikulu ya crypto padziko lonse. Kusiyana n'koti woberedwa pa foni akhoza kuthamangira ku kampani kapena ku polisi, ndipo akafulumira ndalama zimatha kuimitsidwa. Pa blockchain mwayi umenewo ngwochepa kwambiri.

Choncho wina akamatsatsa malonda ponena kuti ndalama zili pa blockchain ndiye sizingabedwe, mafunso oyenera kumufunsa ndi atatu. Makiyi akusunga ndani? Wosainayo amatsimikiza bwanji kuti zomwe akuona n'zomwe akusaina? Nanga ndalama zikabedwa, adzalipira ndani, ndipo pansi pa malamulo a dziko liti? Ma ether a Bybit akadalembedwabe m'kaundula wa Ethereum, tsiku, ola ndi adiresi yomwe adapitako, poyera kuti aliyense awerenge. Ambiri mwa iwo sadabwerere.